Ng'ona, Mtsinje wa Shire ndi Makhadi Othandizana

Ana inu, pa bawo osewera awiri amayamba mofanana: mabowo ndi omwewo, mbewu ndi zofanana. Koma kuli masewera ena a makhadi amene aliyense amabwera ndi mtolo wakewake, wosankha yekha kunyumba. Si njuga ayi. Khadi lililonse lili ndi chithunzi, mwina cha chilombo, msilikali kapena matsenga, ndipo pansi pake palembedwa ntchito imene khadilo limagwira.

Masewera oyamba otchuka a mtunduwu ndi Magic: The Gathering, amene anatuluka ku America mu 1993. Anawapeka ndi Richard Garfield, munthu wodziwa masamu kwambiri. Kenako ku Japan kunatuluka makhadi a Pokémon mu 1996 ndi a Yu-Gi-Oh! mu 1999. Ana ndi akulu omwe amagula makhadiwa, amasinthana, ndipo amachita mipikisano ya dziko lonse.

Tsono funso ndi ili: kodi wopambana ndi amene wadzaza mtolo wake ndi makhadi amphamvu okhaokha? Kawirikawiri ayi. Mu Magic, khadi lamphamvu limafuna kulipiridwa ndi makhadi ena opatsa mphamvu, ndipo mumaloledwa kuika limodzi lokha lotere pa ulendo wanu uliwonse. Mukatenga zilombo zikuluzikulu zokha, zimangokhala m'manja, mnzanu akukumenyani ndi tizilombo tating'ono totuluka msanga.

Masamu nawo alipo. Mtolo wa Pokémon uli ndi makhadi 60, ndipo mukausakaniza mumatenga asanu ndi awiri oyambira. Khadi limene mwaika limodzi lokha lidzapezeka m'manja mwanu poyambapo pafupifupi kamodzi pa masewera asanu ndi anayi. Mukaika anayi ofanana, omwe ndi malire a lamulo, lidzapezeka pafupifupi kanayi pa masewera khumi. N'chifukwa chake wosewera wochenjera amabwereza makhadi amene akuwadalira.

Chokoma kwambiri, kwa ine, ndi kombo: makhadi awiri kapena angapo amene payekhapayekha ndi wamba, koma akakumana amachita zoopsa. Mu Magic aliyense amayamba ndi moyo wa mapointi 20. Khadi lotchedwa Channel limakulolani kusinthanitsa moyo wanu ndi mphamvu. Lina, Fireball, limatentha mdani molingana ndi mphamvu imene mwathiramo. Mwaona? Mumapereka pafupifupi moyo wanu wonse, n'kuwotcha mnzanu kamodzi n'kamodzi, masewera n'kutha asanakhale n'komwe bwino! Zinafika poti Channel analiletsa m'mipikisano yambiri. Mu Yu-Gi-Oh! muli chilombo chotchedwa Exodia chimene anachigawa pa makhadi asanu: mutu, manja awiri ndi miyendo iwiri. Mukagwira onse asanu m'manja, mwapambana pomwepo. Koma kudikira kuti asonkhane n'kowawa, chifukwa dzanja lokha la Exodia ndi khadi lofooka.

Osewera akachuluka zinthu zimasintha. Mu mtundu wa Magic wotchedwa Commander, nthawi zambiri amakhala anthu anayi, aliyense ndi makhadi 100. Amene waonetsa mphamvu msanga, atatu enawo amamuukira pamodzi. Choncho kombo yanu mumaibisa mpaka nthawi yake itakwana.

Makhadi ogula ndi okwera mtengo, koma inu a ku Kapichira muli ndi zonse zofunika kuti mupange anu. Pafupi nanu pali nkhalango ya Majete, kumene kuli njovu, mikango, njati, zipembere ndi anyalugwe, ndipo mu Shire muli ng'ona ndi mvuu. Dulani katoni yakale m'tizidutswa tofanana, makhadi 20 pa munthu aliyense. Jambulani nyama, n'kulemba mphamvu yake: njovu 8, mkango 7, ng'ona 3, nyani 2.

Mukudabwa kuti ng'ona ili ndi 3 yokha? Pamtunda ng'ona ilibe mphamvu ngati m'madzi. Jambulaninso khadi la Mtsinje wa Shire, n'kulembapo kuti likakhala pansi, ng'ona ndi mvuu zimawonjezera 6. Ng'ona ija yafika pa 9, yaposa njovu! Imeneyo ndiyo kombo yanu yoyamba. Koma pasakhale kombo yopanda mankhwala ake, apo ayi masewera sakoma. Pangani khadi la Chilala, lochotsa mtsinje pansi. Pangani la nyani wokuwa pamtengo, lopulumutsa mbawala imodzi kwa mkango. Mathithi a Kapichira, amene analepheretsa sitima ya David Livingstone kupitirira mu 1859, akhoza kukhala khadi loimitsa mdani ulendo umodzi.

Gwirizanani malamulo musanayambe: khadi limodzi lisapitirire atatu ofanana, aliyense atenge asanu oyambira, ndipo pa ulendo wake atole limodzi n'kuika limodzi. Nyama yamphamvu imadya yofooka, ndipo woyamba kudya nyama zisanu wapambana. Mukagonja, yalani mtolo wanu pamkeka, muone khadi limene linangokhala m'manja osagwira ntchito. Lichotseni, muikepo lina, n'kuitananso mnzanuyo mawa mukaweruka kusukulu.