Za Kusankha Galimoto Yoyenera Banja la Kumudzi

Mabanja ena a kumidzi, atagulitsa fodya kapena soya, kapena atalandira ndalama kwa mwana wao wa ku Joni, ayamba kulingalira zogula galimoto. Nkhani imeneyi si yaing'ono, pakuti ndalama zoturuka tsiku limodzi ndizo thukuta la zaka zambiri. Chifukwa chake bambo ndi mai akhale pansi naipende pamodzi, ng'ombe isanaturuke m'khola.

Poyamba yang'anani mseu wofika pakhomo panu. Magalimoto ambiri amene tiwaona m'Malawi anagwirapo kale nchito ku Japan. Ochuluka a iwo adza pa sitima ya pamadzi kufikira ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa Songwe, m'boma la Karonga. Kwao anazolowera miseu ya tara. Toyota Sienta, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 2003, itenga anthu 7, ndipo simwa petulo wambiri, popeza injini yake ndi ya malita 1.5, koma mimba yake iri pafupi ndi nthaka. Pa dzinja, mseu ukakumbika ndi madzi, ikhula pa miyala kapena kutitimira m'matope. Tsono dzifunseni: mai woyembekezera akayamba kudwala usiku, mvula iri kugwa, kodi galimoto iyi idzamfikitsa ku chipatala? Toyota Hilux ndi yaitali miyendo, nidutsa pamene zinzake zilephera, koma mtengo wake ndi waukuru, ndipo kumbuyo kwake ndi malo a matumba a chimanga, si a ana ai.

Chachiwiri, werengani anthu a m'nyumba mwanu ndi akatundu amene muwanyamula kawirikawiri. Toyota Probox, imene inayamba m'chaka cha 2002, iri ndi mipando ya anthu 5 ndi malo akuru a katundu. Munthu ali yense akhale ndi mpando wake ndi lamba wake. Kuthithikiza anthu 9 m'galimoto ya anthu 5 ndiko kuthyola masipuling'i, kuphulitsa matayala ndi kuika moyo wa ana pa ngozi.

Chachitatu, musanalipire kanthu, kafunseni makaniko wa pa msika wapafupi ngati aidziwa galimotoyo, ndi ngati zipangizo zake zipezeka. Toyota Aqua, imene inayamba m'chaka cha 2011, iyendera petulo ndi batire lalikuru pamodzi, motero isunga mafuta. Koma batirelo likatha mphamvu, lifuna ndalama zambiri ndi mmisiri wa m'tauni. Safunsa anadya phula.

Chachinai, mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Woitanitsa galimoto kunja apereka msonkho ku MRA, umene ukula monga mwa zaka za galimoto ndi ukuru wa injini yake. Pambuyo pake pali inshuwalansi, COF, oilo, matayala ndi petulo, ndipo izi sizilekeza. Ziwerengeni zonse pa pepala. Ndalama za sukulu ndi za feteleza zikakhudzidwa, galimotoyo yakulirani.

Mukagula kwa munthu wa konkuno, mutenge makaniko wanu. Muone bulubuku, nimufananize dzina la mwini ndi manambala a injini ndi a chasisi. Muilize m'mawa injini iri yozizira. Utsi wobiriwira kumbuyo usonyeza kuti iri kutentha oilo. Mugwade nimusuzumire pansi ngati padontha kanthu. Utoto wonyezimira usakunyengeni: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo mukaona kuti thumba silifikira galimoto yoyenera mseu wanu, dikirani chaka china. Palibe manyazi kuyenda pa njinga kapena pa ngolo ana ali pa sukulu ndi nkhokwe iri yodzala. Manyazi ali pa galimoto yogona pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku ziri kuikiramo mazira.