Masewera osaka nthirakuwiri pakati pa anzako

Bawo imene imaseweredwa pansi pa mitengo ya mango ku Mandimba, ku Massangulo ndi pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba ilibe chinsinsi. Mdani wako amakhala pamaso pako, nkhomo zake ukuziona. Koma kunja kuno kuli masewera ena a pabolodi amene osewera onse amakhala gulu limodzi, kupambana limodzi kapena kugwa limodzi, chikhalirecho mmodzi mwa iwo ndi nthirakuwiri.

Amodzi mwa masewera otchuka a mtunduwu ndi Shadows over Camelot, amene anatuluka m'chaka cha 2005 ku kampani ya Days of Wonder. Anawapanga ndi amuna awiri a ku France, Bruno Cathala ndi Serge Laget. Amasewera anthu atatu mpaka asanu ndi awiri, ndipo aliyense amakhala msilikali wa mfumu Arthur ya m'nthano za ku Britain, kuteteza mudzi wa Camelot. Akapambana nkhondo amaika malupanga oyera patebulo lozungulira, akagonja amaikapo akuda. Malupanga akakwana 12, oyera ayenera kuchuluka. Akuda akafika 7, kapena zida zoponyera miyala zikakwana 12 kuzungulira mudzi, onse agonja.

Masewera asanayambe, aliyense amalandira khadi lobisika lomuuza ngati ali wokhulupirika kapena wachiwembu. Khadi la wachiwembu ndi limodzi lokha, ndipo makhadi amakhala ambiri kuposa osewera. Choncho nthawi zina limatsalira m'bokosi, anthu nkutha madzulo onse akuyang'anana ndi diso lofiira pamene pakati pawo palibe woipa ndi mmodzi yemwe.

Chimene chimasokoneza mitu nchakuti pa ulendo wake wosewera aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, amakakamizidwa kuyamba wachita chinthu chimodzi chopweteka gulu kapena iye mwini, kenako ndiye achite chothandiza. Saloledwanso kutchula manambala a makhadi amene ali nawo m'manja. Ndiye munthu akaponya khadi lofooka, anzake adziwa bwanji ngati wachita dala kapena analibe lina?

Opanga masewerawa anaikapo mtengo pa kuloza chala. Palibe amaloledwa kuneneza mnzake mpaka malupanga kapena zida zija zitakwana 6. Ukaloza wachiwembu weniweni, gulu limalandira lupanga loyera. Ukanamizira wosalakwa, lupanga limodzi loyera limatembenuzidwa kukhala lakuda. Koma kukhala chete nakonso sikupulumutsa, pakuti wachiwembu akafika kumapeto osagwidwa, malupanga awiri oyera amasanduka akuda.

Kwa anthu a m'malire muno, nkhani yotere si yachilendo. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mphekesera yakuti uje amapereka uthenga kutchire kapena kwa asilikali a boma inkatha kuchotsa moyo wa munthu, ndipo mabanja ambiri anawolokera ku Chiponde ndi madera ena a Mangochi. Lero milandu ndi yaing'ono koma mtima wake ndi womwewo. M'kalabu ya fodya kapena thonje imene inatenga mbewu ndi feteleza pangongole, mmodzi akagulitsa mobisa kwa mavenda, ngongole imatha kupweteka onse. M'gulu la xitique ndalama zikaperewera, maso amathamangira kwa amene ali chete, kapena amene anabwera kumene pamudzi. Kusiyana kwake nkwakuti pamasewera wonamizira amalipira pomwepo onse akuona, pamene pamudzi wonamiziridwa ndiye amasamuka.

M'chaka cha 2008 kampani ija inatulutsa bokosi lowonjezera lotchedwa Merlin's Company, limene silingaseweredwe palokha. Linabweretsa asilikali atsopano, linalola osewera kufika asanu ndi atatu, ndipo linaika makhadi a paulendo: msilikali akanyamuka kupita kunkhondo ina atha kugwidwa panjira, kusochera, kapena kukumana ndi Merlin, wamatsenga wa mfumu, nkuthandizidwa. Kuchedwa kumene kale kukanamuulula wachiwembu tsopano kuli ndi podzikanira. Choopsa kwambiri nchakuti osewera akachuluka achiwembu atha kukhala awiri, kotero kugwira mmodzi sikutanthauza kuti m'nyumba mwayera.

Mabokosi amenewa si katundu wa pamsika wa Mandimba, koma m'bale wake wa masewerawa safuna bolodi. Dzina lake ndi Mafia, ndipo anawayambitsa Dimitry Davidoff ku Moscow cha m'ma 1986. Pamafunika makhadi wamba a juga ndi munthu mmodzi wotsogolera. Pa anthu khumi, awiri amalandira makhadi akuda mobisa. Wotsogolera akati kwada, onse amatsinzina, awiri aja nkutsegula maso ndi kuloza mmodzi woti atuluke. Akati kwacha, otsalawo amakambirana ndi kuponya voti yochotsa amene akumukayikira, ndipo khadi lake limaonetsedwa. Masewera amatha achiwembu onse akagwidwa, kapena chiwerengero chawo chikafanana ndi cha osalakwa otsala.