Dzina adalitenga kuti? Buku la ejenti lautsa mapiri pachigwa kwa Njewa

Mwezi ukamapita kokatha, kapena sukulu zikatsala pang'ono kutsekulira, mafoni a anthu a m'Lilongwe sapuma. Uthenga wake ndi womwe uja, woti ngakhale mwana wa pulayimale amaudziwa pamtima: ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakutilakuti. Ambiri adauzolowera moti amaufufuta asadamalize n'kuwerenga komwe. Chomwe chikuwasowetsa mtendere masiku ano n'china. Akamberembere aja asiya kuponya mbedza mwachisawawa. Tsopano akuchita kuimba foni, n'kumutchula munthu dzina lake ndi la bambo ake, mwaulemu wonse.

Pamene boma lidalamula mu 2018 kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, potsatira lamulo la zamauthenga la 2016, chiyembekezo chidali chakuti wakuba wa pafoni asowa pobisala. Chaka cha 2017, anthu oposa 9 miliyoni adali atafola padzuwa kujambulitsa chiphaso cha unzika, ndipo chiphaso chomwecho ndicho adapita nacho kokalembetsa manambala awo. Komabe mu 2023 bungwe loyang'anira zamauthenga m'dziko muno lidati Amalawi akuberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pafoni.

Mmodzi mwa oberedwawo ndi mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi kwa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ndi mayi wa ana anayi, wodziwika pamsika kuti ndalama imamuopa. N'chifukwa chake anzake a banki m'khonde adamusankha kukhala msungichuma. Poyamba ankasunga ndalama za gulu m'bokosi la maloko atatu kunsi kwa bedi, koma mbava zitathyola nyumba ziwiri zoyandikana naye, gulu lidagwirizana kuti ndalama zizikhala m'foni.

Tsiku lomwe adaberedwa lidayamba bwinobwino. Amayi adasonkhana pakhonde, adaponya masheya awo, mlembi adalemba, ndipo msungichumayo adamanga ndalamazo pansonga ya chitenje n'kulunjika pakakontena ka ejenti. Adapereka ndalama, adatchula nambala, adaonetsa chiphaso, adasaina m'buku. Uthenga udalowa, iye n'kubwerera pabenchi pake kukawaza madzi tomato.

Ola lisadathe, foni idalira. Woimbayo adali bambo wa mawu odekha, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi cha muofesi. Adayamba ndi moni, adamutchula mayiyo maina onse awiri, kenaka adati akuimba kuchokera ku likulu la kampani ya mafoni. Nkhani yake idali yakuti chiphaso chomwe adalembetsera nambala chidatha ntchito, choncho nambalayo itsekedwa pofika madzulo pamodzi ndi ndalama zonse zili m'menemo, pokhapokha akonze zinthu nthawi yomweyo. Apa ndi pomwe mtima wa mayiyo udadumpha, chifukwa chiphaso chake cha mu 2017 chidalidi chitadutsa tsiku lolembedwa pakhadipo. Bamboyo sadapemphe PIN. Adachita kumuchenjeza kuti asauze aliyense nambala yachinsinsiyo, ngakhale iyeyo, ndipo mawu amenewa ndi omwe adachotsa kukayika konse.

Kenaka adayamba kumutsogolera. Dinani apa, sankhani wani, lembani nambala ya ofesi yathu iyi. Atafika pofunika kulemba kuchuluka kwa ndalama, adamuuza kuti alembe manambala omwe iye adawatcha khodi yotsekulira akaunti. Adamuthamangitsa kuti asataye nthawi n'kuwerenga zomwe zikutuluka, poti netiweki ikadula ayambiranso. Kasitomala adali ataima pabenchi kudikira chenji, mwana wa kumsana akulira, lole ya njerwa ikudutsa ndi phokoso lake. Mayiyo adaona dzina la mzimayi wina litatulukira pagalasi, koma bamboyo adati ameneyo ndi kalaliki wa muofesi. Adalemba PIN ndi chala chake chomwe. Foni idadulidwa. Uthenga wotsatira udamuuza kuti ndalama zatumizidwa bwino lomwe, ndipo zomwe zidatsala sizikadakwana ngakhale kukwerera kabaza.

Omwe adalipo akuti sadalire. Adangokhala pansi pafumbi, foni ili m'manja, n'kumaimbanso nambala ija mobwerezabwereza. Idali itazimitsidwa. Ejenti atayesa kuthandiza kuti ndalama zibwezedwe, yankho lidali lakuti zatapidwa kale. Madzulo a tsikulo adayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzake, chifukwa sadafune kuti amve kwa wina. Ena adamukhulupirira, ena adangoti zamveka, nkhope zili gwa. Mawa lake adakadandaula kupolisi, komwe adamulembera zonse n'kumuuza kuti adikire. Pakadali pano akubweza ndalamazo pang'onopang'ono kuchokera pa phindu la tomato, ndipo mwana wake wamkulu wayamba wadikira kaye fizi.

Chomwe chagawa anthu pamsikawu si funso lakuti wakubayo ndi ndani. Ambiri adamva kale, monga apolisi ndi akuluakulu a ndende akhala akunenera poyera, kuti mafoni ambiri otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, komwe chipikisheni chimapeza mafoni ndi masimukhadi obisidwa. Funso lomwe lavuta n'lakuti: dzina la mayiyo adalitenga kuti, ndipo adadziwa bwanji kuti m'foni mwangolowa kumene ndalama?

Amayi a gululo akuloza chala buku la ejenti. Ndi buku lachikuto cholimba, lokhala ndi mizere ya tsiku, dzina, nambala ya foni, nambala ya chiphaso, kuchuluka kwa ndalama ndi posaina. Limakhala chitsegukire pathabwa la pawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, bolopeni yake itamangidwa ndi kachingwe. Aliyense wowerama kuti asaine amaona maina a onse amene adamutsogolera, ndi ndalama zawo zomwe. Amayiwo akuti buku lotere lili ngati mphika wosavundikira pakati pa bwalo: wodutsa aliyense amadziwa ndiwo zake. Munthu wa foni ya kamera akhoza kujambula tsamba lonse uku akunamizira kudikira chenji, n'kulitumiza kulikonse pa WhatsApp.

Ejentiyo, mnyamata yemwe adamaliza Fomu 4 n'kuyamba ntchitoyi ndi mpamba wobwereka kwa amalume ake, sakugwirizana nazo, ndipo akamafotokoza amachita kutuluka thukuta. Iye akuti bukulo ndiye mboni yake yokhayo. Wina akabwera kudzakana kuti sadalandire ndalama, saini ndi yomwe imamupulumutsa. Malamulo amafuna kuti ejenti adziwe yemwe akumuthandiza, ndipo apolisi akamatsata ndalama zobedwa amafikira kufunsa buku lomwelo. Akutinso naye adaberedwapo ndi uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani, ndiye sangakhale mnzawo wa anthu omwe amamudyera mpamba.

Pofuna kutsimikiza mfundo yake, amatenga foni n'kuonetsa aliyense wofuna kuona. Amalemba nambala iliyonse yongoganizira ngati akufuna kuitumizira K100, ndipo asadafike pa PIN dzina la mwini nambalayo limatulukira. Njirayi adaiika kuti munthu asatumize ndalama kolakwika, ndipo yapulumutsa ambiri. Koma munthu yemwe ali ndi tsiku lonse lopanda chochita akhoza kusonkhanitsa maina ambirimbiri mwa njira yomweyo, osaona buku la ejenti aliyense.

Nanga za kuchuluka kwa ndalama? Apa ndi pomwe mayi uja ndi ejentiyo amasiyana kwenikweni. Mayiyo akuti bambo uja ndiye adayamba kutchula ndalama zomwe zidali m'foni. Ejenti akukhulupirira kuti wakubayo adamuuza mayiyo kuti aone balansi n'kumuwerengera, monga amachitira ndi ena, ndipo mantha adamuiwalitsa. Palibe adajambula mawu a foniyo. Mpaka lero mayiyo amadutsa kontena ya mnyamatayo n'kukatapa ndalama kwa ejenti wina kutsidya kwa msewu, yemwe naye buku lake limakhala chitsegukire.

Mkanganowu suli kwa Njewa kokha. Wokonza mafoni wina ku Kawale akuti anthu amadandaula za buku la ejenti pomwe iwo eni amamwaza maina awo paliponse. Akutchula mindandanda ya chipepeso ndi ya zopereka za ukwati yomwe imazungulira m'magulu a WhatsApp, dzina, nambala ndi ndalama zili poyera. Akutchulanso mabuku a pageti m'maofesi, mafomu a ngongole, ndi mafotokope a ziphaso omwe amatsalira m'mashopu ojambulitsira mapepala, ena mpaka kukulungira mtedza.

Makaniko wina kwa Biwi akuona kuti vuto lili kwa ogulitsa masimukhadi pansi pa maambulera. Munthu akabwera ndi chiphaso kudzagula nambala imodzi, wogulitsa wosakhulupirika amati makina avuta, n'kujambulanso chiphasocho kawiri kapena katatu. Manambala owonjezerawo amawagulitsa kwa akuba ali olembetsa kale. Ndiye dzina la mzimayi lomwe lidatulukira pafoni ya msungichuma uja likhoza kukhala la gogo wina wa kumudzi yemwe sadziwa n'komwe kuti ali ndi nambala yachiwiri. Makanikoyu akuti apolisi akatsata dzinalo amakafika pakhomo pa munthu wosalakwa, mwini mlandu ali phee.

Ogula mtedza ndi soya kwa Mgona, omwe amayendetsa ndalama zambiri nyengo yokolola, ali kumbali ya buku. Iwo akuti bola lilembedwe mokwanira, chiphaso chizionedwa nthawi zonse, ndipo apolisi azipatsidwa msanga mbiri ya nambala yokayikitsa, chifukwa ndalama yobedwa imasamutsidwa kangapo mphindi zochepa chabe. Mphunzitsi wina ku Area 25 akuti akumvetsa ululu wawo, koma khomo lomwe lingatsekulidwe kuti apolisi aone mbiri ya wakuba ndi lomwelo angalowere pofuna kuona za wina aliyense. Akukumbutsa kuti gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zomwe amalankhula pafoni, n'chifukwa chake pamafunika chilolezo cha khothi.

Anyamata a kabaza kwa Chinsapo amayankha mfundo imeneyi ndi mkwiyo. Akuti anthu olemba zonyoza akuluakulu pa intaneti amapezeka msanga pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la milandu ya pa makina, ndipo amakumbukira bambo wa ku Mponela yemwe mu 2024 khothi lidamulipiritsa K200,000 kaamba kotumiza pagulu la WhatsApp kanema woseka mtsogoleri wa dziko wa panthawiyo. Amakumbukiranso phokoso lomwe lidabuka kumayambiriro kwa 2025 pa makina a ndalama zokwana madola 1.5 miliyoni oti aziunika nkhani zabodza pa intaneti. Funso lawo n'lakuti liwiro lomwelo limapita kuti wodandaula akakhala mayi wa tomato.

Lamulo loteteza mbiri ya munthu lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Limati wotolera dzina, nambala kapena chiphaso cha munthu azichita zimenezo pa chifukwa chodziwika, asatolere zopitirira zomwe akufunikira, ndipo azisunge mosamala kuti wosayenera asazione. Buku la pawindo la ejenti lili ndi zonse zomwe lamuloli likunena, koma maejenti omwe wolemba nkhaniyi adacheza nawo kwa Njewa ndi ku Area 23 amadziwa bwino za komishoni ndi za ndalama zachinyengo kusiyana ndi za lamuloli. Mmodzi yekha, mtsikana wa ku Area 23, ndiye adapezeka atadula katoni n'kuboola kampata koti kasitomala aziona mzere wake wokha posaina. Akuti adayamba izi makasitomala awiri atakangana pawindo pake, wina ataona m'buku kuti mnzake yemwe amakana kubweza ngongole wangotapa kumene ndalama.

Kubwerera ku bokosi la maloko atatu n'kovuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zopikulira katundu yemweyo zidasanduka mtolo wosabisika pachitenje. Gulu la mayi uja lasankha kukhalabe pafoni, koma lagula simukhadi yakeyake ya gulu, ndipo PIN aigawa pawiri: mayi mmodzi amadziwa manambala awiri oyamba, wina awiri otsiriza. Foni ikalira kuti ndi a kuofesi, wosunga foniyo sangathe kutumiza kanthu payekha ngakhale atafuna.

Makontena nawo akungochulukirachulukira m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kuchokera kwa Njewa mpaka ku Chitipi. Ambiri tsopano akugulitsanso mayunitsi a magetsi, kulipirira anthu mabilu a madzi ndi kutchaja mafoni. Loweruka masana, mpira wa ku Ulaya ukatsala pang'ono kuyamba, pamawindo pamadzaza anyamata oika ndalama zobetchera, K500 uyu, K1,000 uyo. Amenewa amangotchula nambala ali chiimire panjinga, ndipo ejenti sawafunsa n'komwe kuti asaine.