Mamilimita 1,067: Njanji Tisankhe Poyang'ana Anansi

Mukaima pa njanji ku Limbe, ku Balaka kapena ku Salima n'kuyeza mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri zomwe sitima imayendapo, mupeza mamilimita 1,067. Muyezo womwewo mukaupeza ku Nacala, ku Beira, ku Kapiri Mposhi, ku Bulawayo mpaka ku Durban. N'chifukwa chake bogi yopakiridwa feteleza ku doko la Nacala imatha kulowa pa Nayuchi n'kukafika ku Kanengo popanda kutsitsa thumba n'limodzi lomwe. Gudumu la sitima lili ndi mlomo wa m'kati umene umatsamira chitsulo kuti sitima isaphonye njanji, ndipo magudumu awiri amamangidwa pa mtanda umodzi wosafutukuka. Mpatawo ukangosintha, ulendo wathera pomwepo. Pamene mayiko ena a mu Africa akutenga ngongole zikuluzikulu kuti amange njanji yotakata ya mamilimita 1,435, Malawi aike ndalama za misonkho pa kulimbitsa ndi kulumikiza njanji yomwe ali nayo kale.

Umboni uli pafupi. Njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975 pa muyezo wa 1,067 kuti igwirizane ndi ya Zambia. Koma njanji yakale ya m'kati mwa Tanzania ndi ya mamilimita 1,000. Pa Kidatu, pomwe ziwirizi zimayandikana, katundu amayenera kutsitsidwa m'bogi ina n'kupakiridwanso mu ina, zonsezi chifukwa cha mamilimita 67, osafika ndi kutalika kwa chala. Kutsitsa ndi kupakiranso kumadya masiku, kumafuna makina ndi antchito, matumba amang'ambika, ena amasowa. Ku Kenya nako, njanji yatsopano ya 1,435 yochokera ku Mombasa inafika ku Nairobi mu 2017 ndi ngongole ya ku China, n'kupitirira mpaka ku Naivasha mu 2019, koma inaima pomwepo isanafike m'malire a Uganda. Kenya ali ndi doko lakelake, motero njanjiyo ikugwirabe ntchito. Ife tilibe nyanja yamchere. Njanji yotakata yothera pa Nayuchi, pa Marka kapena pa Mchinji ingakhale msewu wokathera kuphompho, pokhapokha Mozambique ndi Zambia atazula zawo tsiku limodzi ndi ife.

Ena amati njanji yopapatiza ndi ya atsamunda, ndi yochedwa, ndipo siingasenze katundu wambiri. Zoona, njanji yotakata imalola liwiro lalikulu, ndipo mitu ya sitima ndi mabogi ake amapezeka mosavuta pamsika popeza mayiko ambiri amagwiritsa ntchito muyezo umenewu. Koma chimene chimachedwetsa sitima zathu si mamilimita 368 osiyanitsa miyezo iwiriyi ayi. Ndi zitsulo zopepuka ndi zoperepeseka, miyala yochepa pansi pa njanji, milatho yofooka, makona okhota kwambiri ndi madzi osefukira. Ku South Africa, njanji ya makilomita 861 yochokera ku Sishen kupita ku Saldanha ndi ya 1,067 yomweyi, koma sitima imodzi imakoka mabogi opitirira 300 a miyala ya chitsulo. Dziko la Japan, lomwe linayamba sitima zothamanga za Shinkansen pa njanji yotakata mu 1964, limanyamulabe anthu miyandamiyanda tsiku ndi tsiku pa njanji ya 1,067. Ngakhale kwathu kuno, kampani ya Vale itamanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita 912 yonyamulira malasha kuchokera ku Moatize kudutsa pa Nkaya mpaka ku Nacala, sinasinthe muyezo. Inaika zitsulo zolemera ndi mitanda ya konkire, basi sitima zazitali n'kuyamba kuyenda.

Nkhani ya malashayi ikuyankhanso amene amati boma lisiye zonse m'manja mwa makampani. Njanji zathu zinaperekedwa kwa Central East African Railways mu 1999, koma ndalama zazikulu zinatsata kumene kuli mgodi. Kampani siilakwa kutero. Imagula ufa komwe ikaphike. Chigawo cha kumwera, kumene njanji ya dziko lino inayambira pamene sitima inalumikiza Nsanje ndi Blantyre mu 1908, chinaduka madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, ndipo zaka zinadutsa udzu ukumera pa zitsulo. Phindu la njanji yotere silionekera m'mabuku a kampani imodzi. Limaonekera pa mtengo wa feteleza ndi mafuta, pa misewu yomwe mathiraki olemera sakuikumbanso, komanso pa kukhala ndi njira yachiwiri yopita kunyanja, phunziro lomwe nkhondo ya ku Mozambique inatipatsa mowawa m'zaka za m'ma 1980 pamene njira za Beira ndi Nacala zinatsekeka. Phindu logawanika kwa anthu onse chonchi limalipiridwa ndi boma, ndipo n'chifukwa chake ntchito yokonzanso njanji ya Marka–Bangula ndi yoyenera ndalama za misonkho.

Pali chinthu chimodzi chomwe okonda njanji yotakata akunena zoona: mawa silidziwika. Milatho yatsopano imangidwe yotakasuka ndi yolimba kuti dera lonse likadzagwirizana zosintha, tisadzagumule zomwe tangomanga. Koma lero njanji ya Mchinji–Chipata, yomwe inatsegulidwa mu 2010, ikuthera pa Chipata osakumana ndi TAZARA, ndipo pa Chiromo sitima siiwoloka. Aphungu athu, pokambirana bajeti, yambani mwafunsa za mipata iwiri imeneyi.