Chigayo chikagona, lendi sigona

Mwezi wa May ukafika, alimi a ku Lifuwu ndi midzi yozungulira nkhalango ya Kuti m'boma la Salima amakhala ali kalikiliki kukolola mpunga, ndipo kuzigayo kumakhala mizere. Koma pofika January makina omwewo amatha tsiku lonse osalira. Mwini chigayo amene sawerengera kusiyanaku amadya mpamba osadziwa.

Ndalama zoyendetsera chigayo zili pawiri. Zina zimatuluka ngakhale makina asayatsidwe: lendi ya nyumba, malipiro a mlonda, chiphaso cha kukhonsolo ndi ngongole ya makina. Zina zimakwera ntchito ikamachuluka, monga mayunitsi a ESCOM, aganyu onyamula matumba, girizi ndi malamba.

Mwachitsanzo, ngati ndalama zosasintha zija ndi K300,000 pamwezi, ndipo kupuntha thumba limodzi la makilogalamu 50 kumadya K1,000 ya magetsi ndi aganyu, masamu ake ali motere. Akapuntha matumba 100 okha, thumba lililonse lamudyera K4,000, chifukwa lasenza K3,000 ya lendi ndi zina zija. Akafika matumba 300, latsika kufika pa K2,000. Pa matumba 600, ndi K1,500 yokha.

Tsono ngati amalipiritsa K2,500 pathumba, pamatsala K1,500 yolipirira ndalama zosasintha. Ayenera kupuntha matumba 200 pamwezi kuti angobweza zake. Phindu limayambira pa thumba la 201.

Komabe kutsikaku kuli ndi malire. Makina akamagwira usana ndi usiku mota imatentha, malamba amaduka pafupipafupi, anyamata amafuna ndalama ya ovataimu, ndipo mpunga wopunthidwa mothamanga umasweka mpaka makasitomala kuthawa. Magetsi akazima n'kuyatsa injini ya dizilo, thumba lowonjezeralo likhoza kudya K3,000. Pamenepo mwini chigayo akuluza K500 pathumba, ngakhale panja pali mzere wautali.

Choncho funso lofunika si lakuti matumba achuluka bwanji, koma lakuti thumba lotsatira lidya zingati ndipo libweretsa zingati.

Lamuloli silisiya ngakhale makampani akuluakulu. Fakitale ya Salima Sugar imagaya nzimbe m'nyengo ya chilimwe, koma makina ndi nyumba zake zimafuna ndalama chaka chonse. Nayo Malawi Mangoes imadalira zipatso zomwe zimapsa miyezi yochepa pachaka.

Amalonda akumbukirenso kuti mitengo siikhala malo amodzi. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dizilo ndi zipangizo zochokera kunja zinakwera, ndipo masamu akale anatha ntchito.

Langizo la sabata ino: lembani ndalama ziwirizi m'masamba osiyana a kope. M'miyezi ya mvula musatseke chigayo malinga ngati mtengo wanu ukuposa zomwe thumba likudya, poti kangachepe kotsalako kamachepetsa lendi. Ndipo zina mwa ndalama za June muzisungire January.