Kujambula Mbalame ndi Mapiri ku Luchenza

Munthu akaima kunja kwa tauni ya Luchenza nthawi ya masika, dziko limuonekera ngati layalidwa pamphasa. Kum'mawa kwaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, italika mamita 3,002. Kumadzulo kuli mitunda ya Thyolo yofunda tiyi. Ife okhala kuno tidazolowera zimenezi, kotero kuti tipita pansi pake osakweza maso. M'nkhani ino tifuna kulongosola za kujambula zithunzi, osati kwa amisiri olipidwa, koma kwa munthu wamba wochita mwa chikondi chabe. Ndiponso tifuna kuonetsa chifukwa chake ntchitoyi iyenera aphunzitsi a chinenero.

Liwu lakuti chithunzi ndi mbale wa liwu lakuti mthunzi, ndipo amene anasankha liwuli sanaphonye. Kamera ndi kabokosi kamdima kokhala ndi diso lagalasi ndi kachitseko. Kachitsekoko kakatseguka kamphindi, kuwala kulowa nikusiya maonekedwe a chinthu pa filimu, kapena, monga zilili lero, pa kachipangizo ka m'kati mwa foni. Mwa anthu oyamba kujambula m'madera a Zambezi munali Dr John Kirk, sing'anga amene anatsagana ndi David Livingstone kuyambira 1858 kufikira 1863. Iye sanalembedwe ntchito ya kujambula, koma anali kukonza yekha mapepala ndi mankhwala ake. M'chaka cha 1900 kampani ya Kodak inatulutsa kamera yotsika mtengo yotchedwa Brownie, ndipo kuyambira pamenepo luso limeneli linayamba kufika m'manja mwa anthu wamba.

Za Kuwala

Tsono popeza chithunzi ndi ntchito ya kuwala, wojambula ayenera kuyamba waphunzira dzuwa. Lamulo lake nlapafupi: dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena pambali, lisakhale kumaso. Chotero munthu wa ku Luchenza ajambule za ku Thyolo m'mawa, ndipo Mulanje amdikire kufikira dzuwa litapendeka. Akajambula Mulanje m'mawa, phirilo lituluka bii, lopanda zigwa kapena matanthwe. Koma madzulo mwala uliwonse uonekera, ndi mitsinje yotsika m'matanthwe ing'anima. Dzuwa la paliwombo lipha chithunzi, pakuti lichotsa mithunzi imene ipatsa dziko msinkhu.

Nyengo nayonso ili ndi mawu ake. M'miyezi ya April ndi May, mvula itatsuka mlengalenga, mapiri aoneka ngati ungawakhudze. Mu September ndi October utsi wa moto wa tchire ndi fumbi ziphimba zonse, ndipo masiku ena Mulanje asowa ngati wasamuka. Pakati pa nyengo ziwirizi pali chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ambiri abisa kamera pa masiku otere, koma alakwa. Pakuti nkhungu yokwawa m'mizere ya tiyi ipatsa chithunzi chimene dzuwa silingapatse.

Phiri lokha lichepa pa chithunzi. Muikepo chinthu chapafupi, monga mtengo, njira, kapena munthu wosenza dengu, kuti diso liyese nacho ukulu wa phirilo. Komatu minda ya tiyi ili ndi eni ake, ndipo othyola tiyi si mitengo ayi. Muyambe mwapereka moni ndi kupempha, akakana, pitani. Akalola, nkwabwino kuwaonetsa chithunzicho.

Za Mbalame

Mbalame ivuta koposa phiri, chifukwa phiri lidikira. Kuti mapiko asaoneke mbuu, kachitseko kayenera kutseguka ndi kutsekeka msanga, pa gawo limodzi la magawo 500 kapena 1,000 a sekondi. Ndipo liwiro lotere lifuna kuwala kochuluka. Mafoni ambiri alibe diso lokoka zakutali, chotero mwini foni alipire ndi kufatsa. Asathamangitse mbalame, koma apeze pamene izo zibwera zokha: pa mkuyu wakupsa, pa papaya, pa chithaphwi, kapena pa phale la madzi loikidwa pabwalo la sukulu. Akhale phee, atavala zosawala. Ayambe ndi zozolowera anthu, monga pumbwa, njiwa, kakowa ndi nantchengwa. Zisa azileke, pakuti make akathawa kawirikawiri, mazira azizira ndipo khwangwala aona njira.

Pali mbalame ina imene inatengera dzina la boma lino ku maiko onse. Azungu aitcha Thyolo Alethe, ndipo inalembedwa m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1927 ndi W. L. Sclater. Msinkhu wake ndi wonga wa pumbwa; msana ngwofiirira, pakhosi mpoyera. Ikhala pansi m'nkhalango zowirira za m'mapiri, nitsata linthumbu kuti idye tizilombo tothawa. Ipezeka m'mapiri owerengeka okha a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Mulanje, Namuli ndi Mabu. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa kwambiri cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi pambuyo pake, ndipo zotsala ndi zigawo zochepa, monga za m'munda wa Satemwa, umene Maclean Kay anayamba mu 1923. Wojambula mbalame imeneyi apirire mdima ndi kuluma kwa linthumbu. Koma chithunzi chake chikhala umboni wakuti pamalopo ikalipo.

Ntchito ya Mphunzitsi

Apa ndipo pagona nkhani yathu. C. W. Benson anasindikiza mndandanda wa mbalame za dziko lino mu 1953, ndipo buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la 2006 liwerenga mitundu ngati 650. Maina a Chilatini ndi a Chingerezi ali osungika bwino m'mabuku amenewo. Nanga maina athu asungidwa kuti? Kuno ku Luchenza kuli Alomwe ndi Amang'anja, ndipo mbalame imodzi ingakhale ndi maina awiri kapena atatu. Koma maina amenewo akhala m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalango ikatha, dzina nalo limwalira, popeza palibenso choloza.

Chotero mphunzitsi atenge chithunzi apite nacho kwa akulu a m'mudzi, nafunse kuti, “Agogo, iyi mumaitcha chiyani? Imalira bwanji? Ikalira, akale ankati kwagwanji?” Zimene amva alembe pamodzi ndi tsiku, malo, ndi chinenero cha woyankhayo. Chithunzi chopanda tsiku ndi malo chili ngati kalata yopanda keyala. Afunse anthu awiri kapena atatu, ndipo akasiyana mawu asaweruze, koma alembe onse. Zithunzi zabwino azisindikize pa pepala, chifukwa foni itayika ndi zonse zili m'mimba mwake.

Sukulu imene ichita zimenezi chaka chimodzi idzakhala ndi buku lakelake la mbalame makumi angapo, lolembedwa ndi ana m'chinenero cha makolo awo. Ndipo ikajambula phiri lomwelo pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka, ana a m'tsogolo adzaona ndi maso awo pamene mitengo inatha ndi pamene inabwerera.