Mlandu wa nkhalango ya Forest 27: kodi mabungwe ali ndi mphamvu zotani m'khoti?

Nkhalango ya Lusaka East, yodziwika kuti Forest 27, ili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kupitirira Kabulonga ndi Ibex Hill. Kumeneko ndiko kuli gwero la mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe, ndipo mvula ikagwa nthaka ya m'nkhalangoyi imamwa madzi amene pambuyo pake amatungidwa pa zitsime ndi mijigo.

Boma la atsamunda linaika nkhalangoyi pa chitetezo mu 1957. Chitetezocho chinachotsedwa mu 1983, koma anthu a m'deralo atadandaula, mtsogoleri wa dziko a Frederick Chiluba anachibwezeretsa mu 1996. Kuyambira mu 2017 mpaka 2019 boma linadulanso zigawo za malowa kuti pamangidwe nyumba.

Apa ndi pamene bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, pamodzi ndi nyakwawa za Asoli, linapita kubwalo la milandu kukasumira makampani omanga Kingsland City. Mu 2020 bwalo la apilo linalamula kuti ntchito yomangayo iyambe yaima.

Mphamvu yosumira chotere imachokera m'lamulo la Environmental Management Act la 2011. Lamuloli likuti munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndipo angathe kukasuma ngati ufuluwo ukuopsezedwa. Motero bungwe lingalankhulire mtsinje ngakhale lilibe chikalata cha umwini wa malowo.

Chovuta n'chakuti chiletso cha khoti si chigamulo. Chimangogwira omanga dzanja pamene oweruza akumva nkhani, ndipo sichibwezeretsa mtengo umene unagwa kale. Milandu yotere imatenga zaka, imadyanso ndalama zimene mabungwe ang'onoang'ono alibe.

Nthawi zina mlandu umafa usanamvedwe n'komwe. Mu 2014 mabungwe ena anapita ku bwalo lalikulu la milandu mu Lusaka kukatsutsa mgodi wa Kangaluwi m'nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi. Mu 2019 bwalolo linataya mlanduwo chifukwa osumawo sanapereke zikalata zofunika. Mgodiwo unaimitsidwa mu 2023, osati ndi oweruza, koma ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la ZEMA.